Chaka chilichonse tikudzala koma kaphiri kakadali mbee, vuto lili pati?

Ngati muli mu komiti ya nkhalango ya mmudzi, kapena muli ndi kamalo ka mitengo kuseri kwa nyumba, izi mukuzidziwa. Nyengo yodzala mitengo ikatsegulidwa pa 15 Disembala timanyamula mbande pa wilibala, tidzala, tijambulitsa, zithunzi zipita pa gulupu la WhatsApp, aliyense kumtima mbee. Nde mukapiteko mu Okutobala. Timitengo touma tili chiimire, machubu akuda akungouluzika ndi mphepo, ndipo Disembala winayo tikuyambiranso pamalo omwewo, mwinanso mmaenje omwewo. Ife kuno kumbali ya Chileka, kumunsi kwa phiri la Michiru, tazungulira chonchi zaka zingapo mpaka anthu ena anasiya kubwera ku ntchito ya nkhalango, ankati tikungotaya nthawi, ndipo sindikuwanena, amanena zomwe maso awo amaona.

Chomwe ine ndaphunzira movutikira nchakuti vuto lathu silinali kuchepa kwa mbande ayi. Nkhalango inalipo kale pansi pa mapazi athu, ife timaiponda, kuitentha ndi kuidyetsa mbuzi uku tili kalikiliki kudzala ina pamwamba pake.

Koma musanachite china chilichonse pitani kaye mukaone chomwe chikupha mitengo yanu, osangoganizira muli pakhonde. Zulani kamtengo kouma kamodzi mukayang'anitsitse. Ngati kada mmunsi ndipo khungwa lasweka, ndi moto umenewo. Ngati kadukira pamwamba, masamba kulibe, khungwa lasendeka ndipo pansi pali timanyi tozungulira, musavutike, ndi mbuzi. Kakauma kali chiimire, mukakoka nkungozuka pholiphoti, tsinde litamatidwa dothi mkati muli gweee, chimenecho ndi chiswe. Muzu ukakhala wopindika ngati mbedza kapena wozungulirazungulira ndiye kuti mbandeyo inakhalitsa mu chubu kapena wodzala anaikanikiza mu kadzenje kosaya. Ndipo pomwe padulidwa bwinobwino mopendekera, apo padutsa munthu ndi chikwanje. Matenda asanu osiyana, mankhwala akenso ngosiyana, nde kuthira phulusa pomwe vuto ndi mbuzi sikungakuthandizeni.

Zitsa zija mumati nzachabe

Mitengo yachilengedwe ya mmapiri athu a Blantyre, monga mombo, tsamba, mchenga, muwanga, msuku, thombozi, msolo, naphini, yambiri ukaidula siifa. Chitsa chimatsala ndi muzu wake wonse, muzu woti unatenga zaka makumi kuti ufike pomwe pali chinyezi. Mvula ikagwa chimatulutsa mphukira zambirimbiri, ndipo poti chakudya ndi madzi zikuchokera ku muzu waukulu uja, mphukira imathamanga kuposa mbande ya ku nazale yomwe kamuzu kake nkotalika ngati chala. Palinso tina tomera tokha kuchokera ku njere, timeneti timaphukira dzinja, chilimwe nkufota pamwamba, chaka china nkuphukiranso, inu mumaona ngati ndi thengo chabe koma pansi muzu ukunenepa kudikira chaka chomwe moto sudzabwera.

Njira yosamalira mphukirayi si ya kwathu kuno kokha. Ku Niger, dziko louma kuposa lathu, mlangizi wina wa ku Australia dzina lake Tony Rinaudo anayamba kulimbikitsa alimi kuchita zimenezi mzaka za mma 1980 ataona kuti mbande zomwe amadzala zimangofa, ndipo lero minda yambiri kumeneko ili ndi mitengo yochokera mu zitsa.

Kachitidwe kake nkosavuta koma kamafuna dzanja lofatsa. Pa chitsa chilichonse sankhani mphukira ziwiri kapena zitatu zowongoka, zonenepa, zomwe zamera chammunsi pafupi ndi dothi chifukwa zomera pamwamba pa chitsa zimathyoka ndi mphepo. Zotsalazo dulani. Chikwanje chikhale chakuthwa ndipo muzidula chokweza mmwamba, mukamatema chotsitsa khungwa limang'ambika mpaka pa tsinde nde pabalapo ndi pomwe matenda ndi chiswe zimalowera. Zomwe mwasiyazo zithenereni nthambi za mmunsi kulekeza pakati pa msinkhu wake, osapitirira, ndaona anthu achangu akusadza mpaka kungotsala kachisumbu ka masamba pamwamba, mtengo wotero umapindika komanso umachedwa kukula poti masamba ndi omwe amaudyetsa. Pakatha miyezi itatu kapena inayi mubwerenso chifukwa chitsa chimatulutsanso zina.

Ife timamanga kansanza kofiira pa mphukira yomwe tasankha. Zimaoneka zachibwana koma zimagwira ntchito, mayi wotola nkhuni akaona kansanzako amadziwa kuti mtengowu uli ndi mwini wake. Ndipo zomwe mwadula zija musazisiye kuti ziwole zonse, agawireni omwe agwira ntchito akakolezere moto, munthu azibwerako ndi kamtolo pamutu osati thukuta lokha.

Tsiku lomwe mudzafune kudula mtengo waukulu, duleni mmunsi, mopendeketsa kuti madzi a mvula asamakhazikike pa chitsa, ndipo chonde musasonkhe moto pa chitsa. Kutentha chitsa ndiye kupheratu.

Moto

Apa ndikhalitsapo chifukwa kwa ife mdani wamkulu ndi ameneyu. Mutha kuchita zonse bwinobwino miyezi khumi, masana amodzi a Okutobala nkufufuta zonse.

Ndimakumbukira tsiku lina dzuwa lili paliwombo, mwana anabwera akuthamanga kuti kuphiri kukufuka. Moto unayambira kumunsi komwe anyamata amasaka mbewa, ndipo moto ukamakwera phiri umathamanga zedi kuposa potsika, pomwe timafika ndi nthambi zaziwisi unali utadutsa kale pakati pa mphukira zomwe tinathenera chaka chimenecho. Tinamenya mpaka madzulo. Mmawa mwake ndikuyenda pa lupsa ndinapeza fulu pafupi ndi mwala, chigoba chitayera ndi kutentha, anayesa kubisala koma sanafike. Tinsanza tofiira tija tinali titapserera pa timitengo takuda. Sindinayankhule ndi munthu tsiku limenelo.

Chomwe tinalakwitsa nchakuti tinadikira. Ntchito ya moto imagwiridwa mu Meyi ndi Juni, udzu usanaumiretu, nthawi yomwe chiperoni chikadabweretsa kachinyezi. Lambulani njira yotchinga moto kuzungulira nkhalango yonse, ife timapanga ya mamita anayi kapena asanu mulifupi, ndipo kumbali ya kumunsi ndi komwe kumachokera mphepo timaonjezera. Kumweta ndi silasha kokha sikokwanira, palani ndi khasu mpaka dothi lionekere ndipo udzuwo muukokere kutali, mukausiya mmbali mwa njirayo mwangomuunjikira moto chakudya. Ngati malo ndi aakulu dulani njira zina pakati kuti moto ukalowa uthere chigawo chimodzi. Mu Ogasiti mudutsemonso chifukwa masamba amakhala atayoyokeramo.

Palinso kutentha koyambirira, anthu ena amadabwa kuti muteteza bwanji nkhalango poyatsa moto. Nkhani ndi yakuti moto wa mu Meyi kapena kumayambiriro kwa Juni ndi wofooka, umangonyambita udzu wouma nkusiya zigamba zaziwisi, pomwe wa mu Seputembala ndi Okutobala umapeza udzu wautali wouma gwa, mphepo ili kuwomba, mitengo itangotulutsa kumene masamba atsopano ofiira aja, nde umapha mpaka mitengo yotalika kuposa munthu. Mukatentha koyambirira mwamulanda chakudya moto woopsawo. Koma chitani mwanzeru: kagawo kakang'ono pa nthawi, madzulo mphepo itadekha, anthu okwanira ali ndi nthambi mmanja, mfumu ikudziwa, mlangizi wa zankhalango akudziwa. Osatentha malo amodzimodzi chaka ndi chaka. Ndipo pomwe mphukira zikadali zosafika mchiuno musayatsepo olo pang'ono, apo lolani anthu amwete udzu wofolera nyumba, iwo apindula inunso mwachotsa udzu. Izi ndikunena za nkhalango ya mmudzi kapena yanuyanu, mu nkhalango ya boma ngati Michiru si inu woyatsa.

Za anyamata a mbewa, kuwakalipira kokha ife sikunatithandize. Chinathandizako ndi kuwaitana pa ntchito yolambula, kuwauza malo omwe angasake ndi omwe sangayatse, komanso kukambirana ndi eni minda yoyandikana kuti pososa asamayatse zinyalala masana nkuchokapo.

Mbuzi zokha nkhani yake njachidule ngakhale imadanitsa. Anthu akakolola ziweto zimatayiriridwa, ndipo nthawi imeneyo chobiriwira chokha chomwe chatsala ndi timitengo tanu. Ngati mitengo ndi yochepa itchingireni umodziumodzi ndi minga kapena kadengu ka nsungwi kopanda pansi. Ngati ndi nkhalango yonse palibe kuchitira mwina, pafunika lamulo la mmudzi lomwe amfumu alinena okha pabwalo, kuti chigawo chakuti mbuzi zisalowe zaka ziwiri kapena zitatu mpaka nsonga zitapitirira pomwe mbuzi imafika ikaimirira ndi miyendo iwiri. Eni mbuzi aloleni kumweta udzu ndi kutenga masamba a zothenera kukapatsa ziweto kukhola, mukangowatsekera osawapatsa kolowera adzakutsegulirani usiku.

Nanga kudzala tisiye?

Ayi. Pali malo omwe zitsa zinazulidwa kalekale, pomwe panali munda kapena pomwe anaumbapo njerwa, apo mbande zikufunika. Koma m'mera mpoyamba. Nyengo yodzala imatsekedwa pa 15 Epulo, zoona, koma kuno ku Blantyre mbande yodzala kumapeto kwa Malichi imangolawa mvula pang'ono kenako miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa ya dzuwa. Dzalani mu Disembala kapena Januwale nthaka itanyowa bwino. Maenje mukumbiretu mvula isanayambe, akuya ngati kufika mbondo, dothi lapamwamba paderalo nkudzalibwezera pansi losakaniza ndi manyowa owolerana. Masabata omaliza ku nazale muzichepetsa madzi ndi mthunzi kuti mbande zizolowere kuvutika. Chubu chichotseni, zikumveka zodziwikiratu koma ndazulapo timitengo takufa tili mu pulasitiki yake. Zinyalala zophimbira ikani mozungulira koma zisakhudze tsinde, zikakhudza mwachiitana nokha chiswe. Chiswe chimakonda mtengo womwe wafooka kale ndi ludzu, ndipo bulugamu wamng'ono ndiye ndiwo yake yeniyeni.

Mtengo uliwonse malo ake. Mmbali mwa mtsinje mbawa, katope, mkuyu, mwimbi. Mmunda msangu ndi mthethe. Bulugamu, malaina ndi keshya ndi zabwino pa nkhuni ndi milimo, sindidana nazo, koma zipatseni kamunda kakekake kutali ndi kasupe ndi mtsinje, osazithira pakati pa mitengo yachilengedwe. Mbewu ya mitengo mutha kufunsa kwa alangizi a zankhalango kapena ku FRIM, bungwe la boma lofufuza za nkhalango ku Zomba, koma yambiri mutha kutola nokha pansi pa mitengo yathanzi ya kwanu komweko, imeneyo inazolowera kale dothi lanu. Ndipo ndibwino kudzala 50 yomwe mungaipalire ndi kuitchingira kusiyana ndi 1,000 ya pa chithunzi.

Mitengo yabwerera koma muli zii

Ili ndi dandaulo lomwe limabwera pakatha zaka zingapo, ndipo ine limandikhudza kwambiri chifukwa ndinakula ndikumva nkhwali mmamawa ndi changa akulira usiku. Munthu amati mitengo ilipo tsopano koma mbalame kulibe, bowa kulibe, olo gologolo. Kawirikawiri chifukwa chake nchakuti tasamala mopyola, nkhalango tikuisesa ngati bwalo la pakhomo. Chikuni chilichonse chagwa tatola, tchire lililonse tadula, mitengo yonse msinkhu umodzi mtundu umodzi.

Zamoyo zimafuna malo osokonekera. Siyani mitengo ina youma ili chiimire bola isakhale pafupi ndi njira, mmenemo gogomole amagogoda kufuna mphutsi ndipo mphako zake mawa mugona kadzidzi, changa, njuchi. Zipika zina zisiyeni ziwolere pansi. Masamba ogwa musatenthe, ndi manyowa a nkhalango komanso mbalame ngati lumbe imaikira mazira pansi penipeni pa masamba ouma mmiyezi yotentha yomweyi, moto wa Okutobala ukadutsa mazirawo apita. Siyani zitsamba zowirira apo ndi apo, makamaka mmakwawa ndi mozungulira zulu, muzibisala nkhanga, kalulu ndi gwape. Popatulira musamangosiya mitengo yowongoka ya matabwa yokha, msuku wokhota, muula, mpoza, nthudza, mteme, mkuyu, imeneyi ndi nkhokwe ya mbalame, mileme ndi apusi, ndipo zikadya zimakataya njere kwina nkukudzalirani mitengo ulere.

Bowa nayenso ali ndi chinsinsi chake. Manyame ndi ndelema samera paliponse, amakhala mogwirizana ndi mizu ya mitengo ngati mombo ndi msuku, bowa amathandiza muzu kuyamwa zakudya mu nthaka mtengo nkumamupatsa chakudya chake. Nchifukwa chake mmunda wa malaina simudzazulamo manyame. Mukaona bowa ameneyu wayambanso kutuluka dziwani kuti pansi pachira.

Kenako pali zomwe zimapha mwakachetechete. Malegeni a ana, misampha ya waya, agalu osaka. Ofuna luzi amene amasenda mombo kuyambira pansi mpaka mmwamba, auzeni atenge ku nthambi zomwe mwathenera. Ofuna mankhwala amene amasenda khungwa kuzungulira tsinde lonse, mtengo wotero umafa ndithu chifukwa chakudya chochokera mmasamba chimadutsa mkati mwa khungwamo kupita ku mizu, apempheni asende kachigamba mbali imodzi basi. Njuchi zokha ikani, ming'oma ya matabwa osati ya makungwa. Uchi ndi ndalama, maluwa a mitengo apeza wowathandiza, ndipo ndaona ndi maso anga kuti pomwe papachikidwa mng'oma wankhwangwa amadutsa patali, mwini mng'oma nayenso amakhala woyamba kuthamanga akaona utsi.

Chenjerani ndi lantana, kachitsamba kaminga ka timaluwa tokongola tachikasu ndi tapinki kamene kadzadza mmbali mwa misewu ndi mmapiri mu Blantyre muno. Si kathu kuno, kanachokera ku America, ndipo kakalowa kamaphimba pansi ponse mphukira osaona dzuwa, masamba ake ndi poizoni ku ng'ombe. Kudula pamwamba nkungokadzutsa. Zulani ndi muzu womwe nthawi ya mvula dothi lili lofewa, zipatso zisanade, ndipo mubwerenso chaka chamawa chifukwa njere zimakhala zatsalira mdothi.

Nkhwangwa ya usiku

Tisanamizane, aliyense wa ife mtauni muno waphikirapo makala sabata ino. Njinga zomwe timakumana nazo pa msewu wa Zalewa mbandakucha zitasenza matumba zikupita kwa ife tomwe. Lamulo lilipo, la zankhalango la 1997 lomwe linakonzedwanso mu 2020 nkukhwimitsa zilango, ndipo kuotcha makala popanda chiphaso ndi mlandu. Koma mmudzi mwathu chindapusa chokha sichinasunge mtengo ndi umodzi womwe. Munthu amene watsekeredwa nkhalango osapezamo kanthu amaiona ngati ya komiti, ndipo ya komiti amaba.

Chomwe chinasintha zinthu ndi kulemba poyera zomwe zikuloledwa osati zoletsedwa zokha. Tsiku lakuti amayi atola nkhuni zouma. Mwezi wakuti timweta udzu. Bowa, masuku ndi maula ndi za aliyense bola osathyola nthambi kapena kugwedeza mtengo ndi mwala. Wofuna mlimo wa nyumba kapena pakagwa zovuta apemphe, komiti imulozere mtengo woti adule. Amayi otola nkhuni akhalemo mu komiti, osati mwa dzina chabe, iwowa ndi omwe amadziwa kuti chitsa chatsopano chaoneka pati ndipo mapazi alowera kuti. Malamulowo amfumu asainire ndipo kawaonetseni ku ofesi ya zankhalango kuti tsiku lomwe mwagwira munthu muzikhala ndi poimira. Ndalama ya chindapusa kapena ya uchi iziwerengedwa pagulu, ikangoyamba kusowa mthumba la munthu mmodzi nkhalango yatha, izi ndaziona mmudzi woyandikana nafe. Kunyumba nakonso chitetezo mbaula imachepetsa nkhuni ndithu poyerekeza ndi mafuwa atatu.

Pomaliza yang'anani madzi. Ngati mvula ikagwa kuphiri kukutsika madzi ofiira ndipo kachigwembe ka chaka chatha kakula, nkhalango yanu ikutaya dothi lomwe imadalira. Tonse tikukumbukira Malichi 2023, namondwe wa Freddy, matope ndi miyala zotsika mphiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe. Sindikunena kuti mitengo ikanaletsa zonse, mvula ija inali yoopsa, koma phiri lovula silichedwetsa olo dontho. Onaninso phiri la Ndirande momwe linayerera ndi dothi lomwe limatsikira mu mtsinje wa Mudi. Chigwembe muzichiyambira kumtunda komwe madzi akuchokera osati kumunsi komwe chakula, pangani timipanda ta miyala totalika kufika mbondo motsatizana, pakati pake potsikirapo pang'ono kuti madzi azidutsa pamwamba osati kukumba mmbali, ndipo dothi likadzadza kuseri kwake dzalanipo vetiva kapena nsungwi.

Ife tsopano tinasiya kuwerenga mitengo tsiku lodzala. Timawerenga kumayambiriro kwa Novembala mvula isanagwe, yomwe yapulumuka chilimwe, kuphatikizapo zitsa zomwe tathenera. Tinasankha miyala itatu ikuluikulu yomwe timaimapo nkujambula ndi foni kuloza mbali yomweyo chaka chilichonse, kuti pa msonkhano tisamakangane zoti zikusintha kapena ayi. Chomwe chikutivutabe ndi mlombwa, uli wochepa kumbali ya khwawa ndipo umakula pang'onopang'ono, amatabwa amaudziwa pomwe uli, mwezi wathawu tapeza zitsa ziwiri zatsopano utomoni wofiira uja ukadali kutuluka. Tazitchingira ndi minga kuti mwina ziphukire, ndipo Loweruka tikukhala pansi ndi amfumu kuti tione zoti anthu azisinthana kuyendera mbali imeneyo madzulo.